Manja Kumutu

Atanditumiza kudzaphunzitsa pa Boma la Mchinji, anandisenzetsanso gulu la zisudzo la pasukulu, ati poti ndine wolongolola. Mabuku ophunzitsira zisudzo ndinali nawo awiri. Lina ndinaligula pamulu wa mabuku akale ku boda, lina anandibweretsera mlamu wanga woyendetsa thiraki kuchokera ku Chipata. Mabukuwa ankatsutsana ngati akazi apamitala.

La ku boda linkati wosewera azikumba mumtima mwake, akumbukire chisoni chake chenicheni, misozi ibwera yokha. La mlamu linkati mtima usiyeni kaye, yambani ndi thupi, kaimidwe ndi kapumidwe, mtimawo utsatira. Ine ndinkakonda la ku boda chifukwa linkamveka lanzeru.

Chaka china tinakonza sewero la mwana wamasiye. Mbali imeneyo anaipempha yekha mtsikana wa Fomu 3 amene mayi ake anali atamwalira chaka chapitacho. Azakhali ake anandinong'oneza kuti pamaliropo sanagwetse msozi, ndipo chiyambire pamenepo anasiya kuseka. Tikafika polira ankangouma gwa.

"Kumbukira," ndinkatero, monga mwa buku.

"Madamu, muno mulibe kanthu," anayankha tsiku lina akuloza pachifuwa. "Mungopatsa wina."

Ndinachita mantha. Ndinkaona kuti akasiya seweroli adzitsekera mpaka kalekale.

Loweruka lake tinapita kumaliro ku Kapondo ndi amayi a kutchalitchi. Njira yonse tinkacheza za soya ndi mtedza. Titayandikira pasiwa, tonse manja kumutu, mapazi kukoka, mawu kukweza. Womwalirayo sindinkamudziwa n'komwe, koma masaya ananyowa, ndipo sikunali kunamizira. Pobwerera ndinadziseka ndekha. Kani buku la mlamu lija ndakhala ndikulitsata kuyambira ndili mtsikana!

Lolemba ndinam'manga mwanayo chitenje changa m'chiuno. "Usakumbukire chilichonse, mwanawe. Yambira pamtengo wa mango apo, manja kumutu, uzikoka mapazi."

Anzake anayamba kuseka, koma pomwe iye ankafika pakhonde panalibe amene ankasekanso. Analira mpaka ndinam'khazika pamiyendo panga, msinkhu wonsewo.

Mabuku onse awiri ndikadali nawo, ndipo la ku boda limathandiza ana ena ndithu. Koma tsiku limenelo sindiliiwala. Atapukuta kumaso, mtsikanayo anandiyang'ana n'kumwetulira.

"Madamu, amene ndimawalirawa si a m'sewero ayi."

"Ndikudziwa, mwanawe."

"Ndiye mbali yanga musapatse wina. Sewerolo tipitiriza mawa."