Amene Anaima Kumbuyo Kwanga

Ndine amene ndinakakamira kuti tivote pamzere. Ndiyambe ndi kuvomera zimenezi, chifukwa anthu a kwathu ku Kabudula akamakamba za chisankho chija amalumpha dala mbali imeneyi pondimvera chisoni.

Ndinali nditakhala woimira achinyamata mu komiti ya chitukuko ya dera lathu kwa zaka ziwiri, ndipo nthawi yosankhanso inali itakwana. Wopikisana nane anali mnyamata wa msinkhu wanga, mwana wa kapitawo wa pa esiteti ya fodya imene inachita malire ndi mudzi wathu. Iye ankayenda ndi anyamata a chipani, aja amabwera pamsonkhano uliwonse atavala malaya ofanana n'kumaimba malikhweru mtsikana akaimirira kuti alankhule. Ine ndinali ndi pakamwa pangapa basi, ndipo aliyense wondidziwa akuuzani kuti sipachedwa kutseguka.

Pamsonkhano wokonzekera, m'kalasi ina pasukulu ya pulayimale, alangizi a achinyamata anafunsa ngati tikufuna kuvota ndi timapepala kapena pamzere. Kuvota pamzere n'kwakale kwathu kuno: opikisana amaima kutsogolo atamangidwa nsalu kumaso, anthu n'kukandanda kumbuyo kwa amene akumufuna, kenaka amawerengedwa mmodzimmodzi aliyense akuona. Timapepala ndinali nditakhumudwa nato. Chaka chapitacho, posankha komiti ina, ndowa ya timapepala inalowa m'chipinda n'kukakhalitsamo, ndipo potuluka inapambanitsa munthu amene ngakhale akazi ake sankamufuna. Ndiye ndinaimirira n'kulankhula mpaka thukuta. Ndinati munthu woima pamzere sabedwa, sapindidwa, salowa m'thumba la wina. Anthu anaseka n'kuwomba m'manja. Anyamata a chipani aja, amene akanatsutsa ngakhale ndikananena kuti kunja kwacha, anavomera nthawi yomweyo. Ndinapita kunyumba ndikudzitama kuti ndawagonjetsa.

Ntchito imene ndinkanyadira pa zaka ziwirizo inali ya matenanti. Awa ndi mabanja ochokera kutali, ambiri a kummwera, amene amalima fodya pa esiteti. Nyumba ndi ya mwini esiteti, munda ndi wa mwini esiteti, ngakhale chimanga chodya amalandira komweko. Achinyamata awo sankalembedwa pa chilichonse, chifukwa mayina timatenga m'kaundula wa mudzi, ndipo iwo mudzi alibe. Ndinalimbana nazo mpaka analoledwa kulowa m'gulu lathu, ndi kuvota komwe. Bambo wina wachisilamu wa sitolo pamsika anatibwereka khonde lake ndi makina osokera awiri, ndipo Lachitatu lililonse tinkaphunzira kusoka. Kumeneko n'kumene ndinapeza mnzanga, mayi wa mwana mmodzi wochokera ku Phalombe, wamsinkhu wanga, wosalankhulalankhula koma akaseka ankaseka ndi thupi lonse. Ankandinena kuti ndimapalasa makina ngati ndikuthawa galu.

Kutatsala masiku awiri kuti tivote, anabwera kwathu masana, dzuwa la mu Okutobala likuswa mtengo. Ankachokera kothirira nazale ya fodya, chitenje chitanyowa mpaka m'mawondo, mwana ali kumsana. Mkeka anaukana.

"Achemwali, n'zoona kuti tikaima pamzere?"

"N'zoona. Ndine ndinamenyera zimenezo," ndinatero ndikumwetulira.

"Akapitawo anena kunazale m'mawa kuti tonse tikakwera thirakitala. Akuti nawonso abwera kudzaonerera."

"Akuopsezani?"

"Ayi. Angoti abwera kudzaonerera."

Ndinayamba kumuuza za ufulu wake, mawu amene ndinawatola kumaphunziro a mtauni, ndipo anandileka ndilankhule mpaka mawuwo anandithera.

"Inu mukagwa mubwera kudzagona muno mwa amayi anu," anatero. "Ife akatichotsa pa esiteti mwezi uno, mvula ili pafupi chonchi, tikalowera kuti? Kwathu munda kulibe. N'chifukwa chake tinabwera kuno."

Apo mpamene ndinamvetsa chifukwa chimene anyamata aja anavomerera msanga. Mwini esiteti ankakhala mtauni, ndipo amene ankamuuza kuti banja ili ndi lolimbika, ili ndi laulesi, anali kapitawo. Ine, mwana wa eni mudzi, wokhala ndi munda wa mbumba yanga, kuonedwa pamzere sikukananditayitsa kanthu. Sindinaganizepo ngakhale kamodzi za munthu amene nyumba yake ili m'manja mwa woonerera. Ndinachita manyazi, ndipo ndinachita mantha.

M'mawa mwake ndinapalasa njinga kupita kwa alangizi. Anandimvetsera bwinobwino, n'kupukusa mutu.

"Mayi, si inu munaima m'kalasi muja? Anthu anagwirizana. Ndikasintha lero, chisankho chili mawa, anzanuwo anena kuti ndakondera."

"Ndiye akapitawo asabwere. Si wachinyamata."

"Pamzere saima, zoona. Koma munthu sindingamuletse kukhala pansi pa mtengo."

Pobwerera ndinadutsa pamsika. Anyamata a chipani anali pa okonza njinga, ndipo mmodzi anandifunsa mwaulemu wonyoza ngati ndachapa kale nsalu yomanga kumaso. Tsiku limenelo ndinangopalasa njinga n'kudutsa.

Ku esiteti sindikanapita, chifukwa kuoneka nane kokha kukanamupalira moto mnzanga uja. Ndinamudikira pamjigo wa pamalire, pamene amayi a kumudzi ndi a ku esiteti amatungira limodzi. Atafika ndinanamizira kumuthandiza kupopa.

"Mawa mukaime kumbuyo kwa mwana wa akapitawo," ndinanong'ona. "Muwauzenso anzanu onse. Ine sindikwiya."

Ndisaname, mawuwo anandiwawa potuluka. Mpando uja ndinkaufuna, ndipo popanda matenanti ndinkadziwa kuti ndikhoza kugwa. Iye anangoyang'ana madzi akudzaza ndowa.

"Ndamva," anatero. Ndinamusenzetsa, napita.

Tsiku la chisankho bwalo la mpira la pasukulu linadzaza dzuwa lisanakwere kwenikweni. Thirakitala inafika ikukoka ngolo yodzaza achinyamata a ku esiteti, onse ali chete ngati akupita kumaliro. Pambuyo pake panabwera akapitawo pa njinga yamoto. Anali bambo wofatsa, wovala mwaukhondo, amene ankapemphera tchalitchi chimodzi ndi makolo anga. Anaimika njinga pansi pa mtengo wa mango, napereka moni kwa aliyense womuyandikira, n'kukhala pamuzu pamene mizere yonse iwiri ikanaoneka bwino.

Anatiimika awirife moyang'ana kugolo, motalikirana pang'ono, n'kutimanga zidutswa za chitenje kumaso. Alangizi anakumbutsa kuti opikisana salankhula ndipo satembenuka. Kenaka analiza wezulo.

Ndinamva mapazi ambiri, fumbi likulowa m'mphuno. Ena ankaseka, ena ankaitanana. Pabwalo lonselo osaona tinali awiri okha, ife opikisana, pamene wina aliyense ankaona zonse. Ndinayesa kumvetsera kuti mapazi ambiri akulowera kuti, koma sindinathe kuzindikira. Ndinapemphera kuti kumbuyo kwanga kuime a m'mudzi okhaokha, ngakhale akhale ochepa bwanji.

Kenaka, pafupi ndi khutu langa, mwana anatsokomola. Chifuwa chimenecho ndinkachidziwa, ndinkachimva Lachitatu lililonse pakhonde la sitolo. Mayi ake anali ataima woyambirira penipeni, moti mpweya wake unkandifika pakhosi.

"Chokani," ndinanong'ona osatembenuka.

Sanasunthe.

"Chonde chokani, nthawi ikadalipo."

"Khalani chete, achemwali, akuwerenga."

Kuwerengako kunatenga nthawi. Atamaliza, anyamata a chipani anachita phokoso kuti ena awerengedwa kawiri, ndipo alangizi analamula kuti tiyambirenso. Panali chipwirikiti pang'ono, anthu akusunthasuntha, ndipo aliyense wofuna kusintha mzere akanatha kutero osadziwika kwenikweni. Ndinamva ena akuchokadi kumbuyo kwanga. Thukuta linanyowetsa nsalu ya kumaso. Ndinadikira kuti mpweya uja uchoke pakhosi panga, koma sunachoke.

Atatimasula, kuwala kunandithobwa m'maso. Ndinali nditapambana, pang'ono pokha. Nthungululu zinalira, atsikana a m'mudzi mwathu anandikumbatira, koma ine maso anali kumtengo wa mango. Akapitawo sanalembe kanthu paliponse. Anadzuka, nasasa fumbi pa buluku, nabwera kudzandigwira chanza.

"Wapambana bwino, mwana wanga," anatero. Anayang'ana mnzanga uja kamodzi kokha, ndi matenanti ena ochepa amene anatsala mumzere wanga, n'kukaliza njinga yawo. Thirakitala inanyamuka osawadikira matenanti ajawo.

Ndinamukokera pambali mnzanga uja.

"Kodi si ndinakuuzani?"

"Munandiuza," anatero akukonza mwana kumsana. "Akapitawo anandiuza poti ndiime, inunso munandiuza poti ndiime. Chibwerere kuno aliyense amandiuza poti ndiime. Lero ndinafuna ndidzisankhire ndekha."

"Nanga amuna anu?"

"Aima kumbuyo kwa mwana wa akapitawo. Tinagwirizana kuti mwina mmodzi akaima uko, nyumba itsala."

Anayenda wapansi ulendo wonse wobwerera ku esiteti, iye ndi anzake aja.

Sabata ziwiri zinatha popanda kanthu, ndipo ndinayamba kudziuza kuti ndinkachita mantha pachabe. Sabata yachitatu mnzanga uja sanabwere kosoka. Mtsikana wina wa ku esiteti ndiye anandiuza, akuyang'ana uku ndi uku, kuti nazale ya banja lija yaperekedwa kwa ena. Matenanti ena amene anaima kumbuyo kwanga makolo awo angodzudzulidwa, koma iye, poti anaima kutsogolo, amuyesa mtsogoleri. Anawapatsa mpaka Loweruka kuti akhale atatuluka m'nyumba.

Ndinapita kwa akapitawo tsiku lomwelo. Ndinawapeza akuyang'anira anthu okonza zigafa zoyanikiramo fodya, ndipo ndinagwada pansi anthu onsewo akuona, ine amene ndinkadzitama kuti sindigwadira munthu pa nkhani za chitukuko.

"Bambo, ndabwera kudzapepesa. Wolakwa ndine. Banja lija musalichotse."

"Dzuka, mwana wanga, ungadetse chitenje. Walakwa chiyani?"

"Za chisankho zija."

"Za chisankho ine sindikuzidziwa, ndinangopita kukaonerera. Mbande zawo zinafota. Munthu wosathirira nazale ndimusunge bwanji?"

"Ndinamuona ndi maso anga akuchokera kothirira."

"Tsiku limodzi, eti? Fodya safuna tsiku limodzi."

Analankhula mofatsa mpaka pamapeto, ndipo ananditsanzika ponena kuti ndikapereke moni kwa amayi.

Ndinathamangira kwa malume, amene amayang'anira minda ya mbumba yathu, kukapempha kachigawo koti banjalo lilimepo chaka chimodzi chokha. Anakana. Anati obwera ukawapatsa munda sachoka, ndipo abale ena adzafunsa chifukwa chimene anthu a ku Phalombe alandirira malo pamene ana awo akudikira. Ndinabwererako Lachinayi, anakananso. Amayi anati m'khitchini mwathu angagonemo, koma popanda munda adya chiyani?

Lachisanu kunali msonkhano woyamba wa komiti chisankhidwireni. Ndinapita ndi chiyembekezo kuti akuluakulu akalankhula ndi mwini esiteti. Nkhani yanga anaiika kumapeto, pambuyo pa ya mlatho ndi ya njerwa za sukulu, ndipo nditaifotokoza, apampando anati imeneyo ndi ya pakati pa olemba ntchito ndi antchito ake, si ya chitukuko. Anandilangiza kulemba kalata. Ndinalankhula mawu ena oipa amene sindiwabwereza pano, ndipo ndinatuluka msonkhano usanatsekedwe.

Kuchokera kumeneko ndinalunjika kwa malume kachitatu. Sindinakambe za ufulu kapena za chitukuko. Ndinakhala pansi pakhonde pawo n'kulira, n'kuwauza kuti anthu aja akuchotsedwa chifukwa cha pakamwa panga. Pamapeto pake anati kumunsi kwa munda wa amayi kuli kachigawo kamene kanagonera, alimepo mpaka kukolola, ndipo abale akafunsa ndikayankhe ndekha.

Loweruka ndinalawirira ku esiteti, ndikupalasa njinga mwamphamvu, mawu nditawakonza kale pakamwa. Nyumba yawo inali yachitatu pamdadada wa tinyumba taudzu kuseri kwa zigafa. Pakhomo ndinapeza mayi wina amene sindinamuonepo, akusesa. Ndinafunsa za eni nyumba.

"Anapita dzulo masana," anatero. "Kunabwera lole ya munthu wofuna matenanti, anakwera imeneyo."

"Yopita kuti?"

"Kaya. Ena akuti ku Kasungu, ena akuti ku Mchinji."

Dzulo masana ine ndinali m'komiti, ndikudikira kuti nkhani ya njerwa ithe. Foni analibe, ndipo mpaka lero sindidziwa kumene anakatsikira. Ndinaima pomwepo nditagwira njinga, osadziwa chochita ndi uthenga umene ndinabwera nawo. Mayi uja anasiya kusesa n'kundiyang'anitsitsa.

"Kodi ndinu aja oimira achinyamata?"

Ndinavomera. Anayang'ana kuzigafa, kumene kunkamveka mawu a akapitawo, kenaka anatsitsa mawu.

"Pepani, mayi, musaime pakhomo pano nthawi yaitali. Ife tangofika dzulo."

Ndinatembenuza njinga n'kuchoka.