Achule a a Bartolomeyo

A Bartolomeyo a ku Msumba anapalasa bwato zaka makumi atatu, mpaka msana unakana. Kuyambira pamenepo, moyo wawo unali kadimba ka matimati kuseri kwa nyumba. Matimati akakanika, iwo ndi akazi awo, a Antonieta, ankagona ndi njala.

Mdani wawo anali nkhululu, zodula mbande pakhosi n'kuzisiya gonegone. Koma anali ndi mlonda wake: chule wamkulu, wamutu wotambalala ngati chikhatho, wokhala pansi pa mtsuko wothirira. Ameneyo nkhululu ankangoti kwapu, yathunthu! Chaka chathachi njoka inamumeza, ndipo mbande zinayamba kugwa.

Mvula ili kumapeto, kudambo kunadzaza tiachule tongotuluka kumene m'madzi. Mkuluyo anawerenga mwachisodzi, kuti usipa wambiri umaposa kampango mmodzi. Masiku atatu anatuta tiachuleto m'ndowa, akupumira panjira, dzanja lili pamsana.

"Abambo, taonani timitu take," anatero a Antonieta. "Kakamwa ngati kameneka kangameze nkhululu?"

"Tichulukitsa manja, mayi."

Manja ati? Tiachule tinkangotola nyerere, basi. Tsiku lina a Bartolomeyo anaona kamodzi katakumana ndi nkhululu maso ndi maso, ndipo kamene kanapatuka ndi kachuleko. Anakhala pansi pomwepo, kuseka osaseka. A Augustino, a dimba loyandikana nalo, anasuzumira pampanda.

"Achimwene, mwalemba ana a mkaka usilikali?"

A Bartolomeyo anali atatopa, kutopa kofika m'mafupa. Anayesa kukumba nkhululu ndi khasu, una ndi una, koma msana sunalole. Anabzalanso kawiri, mbewu n'kutha.

Komabe m'mawa uliwonse ankathirira dothi lopanda kanthulo kuti tiachule tisaume, poti amene anatichotsa kudambo ndi iwo. Ankagwira kamodzi n'kuyeza mutu wake ndi chala chachikulu. Unkakula ndithu, koma mwaulesi wake, osalabadira za njala ya munthu.

Pofika Agosto mitu ija inali itatambalala, makamwa afika m'makutu. Koma m'dimbamo munalibenso mbande, ndiye nkhululu zinali zitasamukira kwa a Augustino, amene anabzala mochedwa. Achule nawo anatsata chakudya, kudzera pansi pa mpanda.

Mwezi wotsatira a Augustino anabwera ndi kambale ka matimati ofiira psuu.

"Chaka chino nkhululu zandiopa, kaya bwanji," anatero.

A Bartolomeyo analandira ndi manja awiri, nathokoza.