Mkulu wa Tepi wa ku Kawale

Ku Kawale kuli mkulu wina amene anapuma ntchito yojambula mapulani a nyumba, koma tepi yoyezera sanaibweze. Ukangotsitsa njerwa pakhomo, iwo afika kale, magalasi ali pamphuno.

"Pulani ili kuti? Akhonsolo adinda?" Ndiwo moni wawo umenewo. Khonde, mpanda, ngakhale kachipinda ka alendo, kwa iwo zonse zimafuna chidindo. Olakwa sawaiwala. Khola la nkhunda limene wina anamanga mu 1998 amalitchulabe ndi pamaliro pomwe.

Chaka chatha Anyagondwe, oyandikana nawo nyumba, anawonjezera khitchini. Mkuluyo anayeza katatu, nalembera akhonsolo kalata ya masamba anayi yoti khitchiniyo yalowa m'poloti mwawo, igwetsedwe basi. Tsiku limene oyeza malo anabwera, mkuluyo anavala taye, akumwetulira ngati mkwati.

Oyezawo anakumba mpaka kupeza bikoni, kamwala kasimenti kosonyeza malire. Khitchini inali pamalo pake. Mpanda wa mkuluyo ndi umene unadya mafiti awiri a poloti ya Anyagondwe!

"Pepanitu adada," anatero Anyagondwe, ataphimba kukamwa ndi chitenje. "Kapena tepi yanu inafota ndi dzuwa?"

Woyeza wina anayamba kulemba X wofiira pampandapo, chizindikiro choti ugwe. Mkuluyo anamuyang'ana, thukuta lili kamukamu, kenaka anamulanda bulashi.

"Iwe, unaphunzira kuti? Ngati mukugwetsa mpanda wanga, X wake akhale wowongoka!"

Anatambasula tepi, napeza pakati penipeni, ndipo analemba okha.