Salamu ya Munthu Wosamudziwa

Sukulu ndinalekezera Fomu 1, nditamenya mnzanga ndi dasitala aphunzitsi akuona. Amayi anati mtima wangawu udzandisiya ndekha, ndipo sananame. Ndimagona ndekha m'kachipinda kuseri kwa msika wa ku Mangochi. Masana ndimakhala pa benchi yanga kukonza mafoni: kusintha masikirini, kuumitsa mafoni a asodzi ogwera m'madzi, kuika nyimbo m'mamemore. Foni ndimaidziwa mkati ndi kunja. Anthu ndi amene amandivuta.

Achemwali anga ali ku Joni. Mwana wawo wamkazi anamusiya kwa amayi ku Malindi, ndipo atakwanitsa zaka khumi ndi zitatu anamutumizira foni kuti azimva mawu ake. Foniyo inafikira kwa ine. Ndinaika layini, ndinamuonetsa poyatsira ndi potumizira mawu, basi. Ndinkayesa kuti ntchito ya umjomba yathera pomwepo.

Patapita miyezi iwiri, Loweruka lina m'mawa, mwanayo anatsika matola n'kubwera pa benchi. Foni inkakana tchaja. Ndili mkati mochotsa mchenga ndi singano, uthenga unalowa kuchokera ku nambala yosasungidwa: "Salamu aleikum mwanangu. Chithunzi chija chili kuti?"

Ndinatsegula. Pachithunzi cha nambalayo panali bambo wandevu, wovala kofia ndi mkanjo woyera. Ndinawerenga kuyambira kumwamba. Ankati amawadziwa amayi ake ku Joni. Tsiku lililonse ankayamba ndi salamu, mwanayo n'kuyankha. Kenako mafunso: umaphunzira kuti, umadzera njira iti pochokera ku madrasa, agogo amapita kudimba nthawi yanji. Zonsezo anayankha. Bamboyo anapempha chithunzi, mwanayo anatumiza atavala mpango. Tsopano ankafuna china chopanda mpango. Pamenepo mwanayo ankangoti mawa, mawa, kwa mlungu wathunthu.

"Ndani ameneyu?"

"Sindiwadziwa, amjomba."

"Nanga ukumuyankhiranji?"

"Amayamba ndi salamu."

"Ndiye?"

"Salamu sitisiya osayankha."

"Iwe, m'mutumo muli ubongo kapena mchenga ngati wa mufoniwu?"

Ndinakuwa mpaka amayi ogulitsa usipa pafupi nane anasiya kuitanira malonda. Mmodzi anati, "Achimwene, mwanayo ndi wanu kapena mwamugwira kuba?" Mwanayo anagwada pafumbi pomwepo, maso pansi. Ndinaimba nambala ija, ndinatukwana zonse zimene ndinaphunzira kudoko. Ndinangomva kupuma kwa munthuyo, kenako anadula.

Nditakhala pansi m'pamene zinandilowa. Mwanayu sanachite zachibwana. Anachita zimene tonse tinamuphunzitsa. Kwathu wamkulu akapereka salamu umayankha, akafunsa umayankha, suyang'ana kumbali. Ine ndemwe ndinakwapulidwapo ndili wamng'ono chifukwa chodutsa mkulu wina osamuyankha. Palibe anamuuza kuti mufoni munthu aliyense akhoza kuvala ndevu.

Ndinamudzutsa, ndinamukhazika pa benchi. Ndinafufuza chithunzi cha bambo wina wa kofia, n'kuchiika pa nambala yanga, n'kumutumizira salamu.

"Uyu ndani?"

"Ndi inu."

"Wadziwa bwanji?"

"Ndakuonani mukuika."

"Nanga ndikanaikira kunyumba?"

Ndinamuuza kuti njira ya ku madrasa, nthawi imene agogo sali pakhomo, chithunzi chilichonse, zimenezo sauza munthu amene sanamuonepo ndi maso. Nambala yachilendo ikalowa, aonetse amayi ake asanayankhe. Kenako ndinamuonetsa timadontho titatu pakona, ndi mawu obulokera munthu kuti asakupezenso. Ndinati adine yekha. Chala chake chinaima m'malere.

"Si tchimo, amjomba?"

Sindinkadziwa. Ku madrasa nakonso ndinachoka msanga.

"Likakhala tchimo ndisenza ine. Dina."

Anadina. Ndiye ndinawonjezera, mtima ukadali m'mwamba: "Aliyense wokuchititsa mantha pa foni, kaya ndi wamkulu, kaya wandevu, kaya m'bale wako, dina pamenepo. Usapemphe chilolezo."

Madzulo ndinauza achemwali zonse. Munthuyo sankamudziwa n'komwe.

Kuyambira tsiku limenelo ndinasanduka wapolisi. M'mawa uthenga, masana uthenga. Uli kuti? Ukulankhula ndi ndani? Jambula sikirini unditumizire. Ndinkati ndikumuteteza, ndipo mwina zinali zoona pang'ono. Koma zoona zina n'zakuti foni yanga inali isanalirepo tsiku ndi tsiku chonchi. Makasitomala amaimba foni yawo ikafa. Mwanayu yekha ndiye ankandiyankha kuti wadya, wafika, mvula yagwa ku Malindi.

Lachinayi lina anakhala maola awiri osayankha. Ndinaona njira ya ku madrasa ija m'maganizo, ndi tchire lake lonse. Ndinajambula mawu n'kumutumizira. Sindilemba pano zimene ndinanena. Ndinamutcha mayina oti mwana satchedwa, ndinati ndibwera ndidzaphwanye foniyo pamutu pake. Anali kuchigayo ndi agogo ake, foni ataisiya pa tchaja.

Kutacha ndinatumiza salamu. Tiki imodzi. Masana tiki imodzi, uthenga osafika. Chithunzi chake chinali chitachoka, patatsala kamutu kotuwa. Ine ntchito yanga ndi imeneyi. Anyamata amabwera pa benchi kudzafunsa kuti foni yawo yatani, ine n'kumawaseka kuti foni ili bwino, akubulokani basi.

Ndinaimbira amayi.

"Ali bwinobwino, akusenda chinangwa apa," anatero. "Akuti mjomba wake anamuuza chochita ndi munthu woopseza."

Ndinamva kuti akudziletsa kuseka. Ndinadula ndisananene china choipa.

Achemwali amati masiku ano nambala iliyonse yachilendo mwanayo amaitumiza kwa iwo, ndipo waphunzitsanso anzake awiri a ku madrasa timadontho tija.

Pa Idi ndinapita ku Malindi. Ndinapereka salamu pakhomo, iye anagwada n'kuyankha bwinobwino, anandipatsa madzi osamba m'manja. Titadya, onse anatuluka kukaona alendo. Foni yake inali pamkeka, pafupi ndi bondo langa. Nambala yotsegulira ndinaika ndine. Kudzichotsa pa buloko inali ntchito ya mphindi imodzi.

Ndinaiyang'ana nthawi yaitali, kenako ndinaisuntha kuti isapondedwe.

Pobwerera, m'matola, ndinalemba kuti ndapepesa chifukwa cha mawu aja, ndinatumiza. Tiki imodzi. Uthengawo sindinaufufute. Tsiku limene adzadine yekha kundichotsa pa buloko, ndidzalembanso womwewo.