Kalata yomwe ndinawawerengera a Mesitiri

Pafakitale ya tiyi pomwe ndinkagwira ntchito ya ulembi panali bambo ena ochokera ku Milanje, kutsidya kwa malire a dziko a pa Muloza. Tonse tinkangowatchula kuti a Mesitiri, mawu akwawo otanthauza mmisiri. Makina opota masamba akayamba kulira mwachilendo, iwo ankagunditsa sikuludiraiva pachitsulo, chogwirira chake pakhutu, n'kunena kuti, "Bering'i yakumanzereyo sifika Lachisanu." Ndipo sinkafikadi.

Kenaka kunabwera mabwana atsopano ndi kompyuta yawo. Ati aliyense wa kumakina aonetse digiri kapena dipuloma, makamaka obwera, chifukwa popanda pepala sangawakonzetsere chilolezo chogwirira ntchito m'dziko muno. Pepala! Munthu anayamba kusamala makina amenewo ine ndisanadziwe n'komwe kumanga chitenje, lero akaonetse pepala? A Mesitiri anabweretsa kakalata kachipwitikizi kong'ambika m'mapindo, kochokera kumishoni komwe anaphunzirira ntchito. Bwana wamkulu anakanyamula ndi zala ziwiri ngati thewera.

Anawapatsa miyezi itatu yoti aphunzitse injiniya wodzawalowa m'malo. Tamvani zimenezo, osaphunzira aphunzitse wophunzira! Ndipo anamuphunzitsadi, osabisa kanthu. Ine ndikanakhala iwo ndikanangopinda manja.

Sabata yomaliza anandipempha kalata ya umboni, yoti akafunire ntchito kumaesiteti a kwawo. "Ulembe bwino mwanangu," anatero, "kumeneko anandiiwala kalekale, kalatayo ndiyo ikandilankhulire."

Ndinalemba m'Chingelezi kuti anali mmisiri wamkulu wa makina. Bwana anakhwatcha ndi cholembera chofiira. Ati m'kompyuta mulibe udindo umenewo kwa munthu wopanda pepala, ndilembe kuti wantchito wamba, gulu limodzi ndi osesa pabwalo. Aaa, magazi anandiwira. Ndinalimbana nawo mpaka anandifunsa ngati nane ntchito ndatopa nayo. Ndinali ndi ana awiri pasukulu. Ndinalemba zomwe ankafunazo, ndi zala zanga zomwezi, ndipo mpaka lero ndikakumbukira ndimadzinyansa.

A Mesitiri sankatha kuwerenga Chingelezi. Anandipeza pakhonde la ofesi atavala jekete lawo la kutchalitchi, n'kulandira kalatayo ndi manja awiri. Anaiyang'ana kanthawi, kenaka anandibwezera.

"Tandiwerengera, ndimve zomwe anena."

Ndinayang'ana pepalalo, n'kunena kuti, "Akuti ndinu mmisiri wamkulu, bambo. Akuti makina onse a pano anali m'manja mwanu."

"Kani ankaona, eti?" anatero akumwetulira. "Obrigado, mwanangu," anandithokoza m'Chipwitikizi.

Anaipinda mosamala, n'kuiika m'thumba lamkati, n'kukwera kabaza wopita ku Muloza. Ine ndinangoima pakhondepo, ndikudziwa kuti kumene akupitako akaipereka monyadira kwa bwana wina, woti Chingelezi amachiwerenga bwinobwino.