Matiresi a Thirikota ku Kanyama

Chipinda chimene ndinapeza ku Kanyama chinali chaching'ono moti ukaima pakati n'kutambasula manja, zala zinkatsala pang'ono kukhudza makoma onse awiri. Sindinadandaule. Ndinali nditatopa ndi ku Matero, kwa amayi aang'ono, kumene ine ndi mng'ono wanga tinkakhala chimwalirireni amayi athu. Sukulu ndinalekera giredi teni. Palibe anandiuza kuti ndisiye. Ankangoti lero usapite, mwana wadwala. Mawa usapite, ukhale pa kantemba ugulitse tomato. Zinapitirira choncho mpaka ndinaleka kuchapa yunifomu.

Nditachoka, ntchito zonse zija zinagwera mng'ono wanga. Anali giredi eyiti, ndipo ndinkadziwa bwino kumene njira imeneyo imathera.

Kwathu mwana sumangomutenga m'manja mwa amene akumulera ngati ukutenga ndowa. Umapita kukapempha, ukhale pansi, uyankhe mafunso. Ndinapita kukapempha mng'ono wanga. Amayi aang'ono anandimvetsera akusankha kapenta m'lichero, osadzutsa mutu.

"Azagona pati?"

"Na ine, amayi."

"Pa chani? Pa simenti? Gula pogona, nizabwela nione na maso yanga. Mwana wa mkulu wanga sangagone pansi monga saka ya malasha."

Zaka zonse zija tinkagona pamphasa pabalaza pawo, kudikira kuti anthu atope ndi TV. Ndinafuna kuwakumbutsa, koma ndinameza mawuwo chifukwa sindinapitire mkangano.

Nthawi imeneyo ndinkagona pa makatoni ndi bulangete. Nditasonkhanitsa kangachepe ka ku saluni kumene ndimaluka tsitsi, ndinayeza chipinda changa ndi chitenje, kumanga mfundo pamene khoma lathera, n'kukwera minibasi ya m'tauni.

M'sitolo munali matiresi oimikidwa kukhoma. A dabulo sindinawayang'ane n'komwe. Nkhani inali pa awiri: singo, ya munthu mmodzi, ndi thirikota, yokulirapo pang'ono koma yosafika pa dabulo. Mtima wanga unali pa singo. Ndikanatha kuinyamula ndekha. Ikanasiya malo a mbaula ndi ndowa ya madzi. Komanso ku Kanyama mvula ikagwa madzi amalowa m'nyumba osaodira, ndiye pogona pako pamafunika pakhale popepuka.

Wogulitsa anali mwamuna wapakamwa, wa mtundu uja umene umayesa kuti mkazi aliyense wabwera kudzaseka nthabwala zake.

"Ba sista, muli mweka olo kuli ba bosi kunyumba?"

"Mugulisa matiresi olo mufunsila?"

"Awe, nifunsa chabe. Singo ni ya bana ba sukulu na baja bamene banakana vonse. Tengani thirikota, simuziba vamailo, va kusogolo."

"Vamailo niviziba. Ikani vonse pansi nione."

Anawagoneka pansi. Ndinayala chitenje changa chamfundo pa aliyense, ndipo onse awiri ankakwana m'chipinda muja. Kenako ndinagona pa singo, nsapato zili kuphazi, anthu akudutsa. Kunena zoona ine ndi mng'ono wanga tikanakwanapo. Tinagonapo pamalo ochepa kuposa pamenepo. Koma ndili chigonere ndinaona nkhope ya amayi aang'ono ikuyang'ana kamatiresi kameneko, ndipo ndinamva kale mawu awo: apa pagona mmodzi. Akananena zimenezo pamaso pa abale onse, nkhani n'kuthera pompo. Zinandiwawa kuzindikira kuti chinthu choyamba chachikulu chimene ndinkagula ndi thukuta langa ndinkagulira maso a munthu wina. Ndinatenga thirikota.

Atandifikitsira matiresiwo pa wilibala, azimayi a pamalo pathu anali pampopi.

"Ba neba, ukwati ni liti? Mutiuze tisoke vitenge."

Ndinalowetsa matiresi, n'kuwagoneka, ndipo anakwana ndendende monga chitenje chinanenera. Nditati nditsegule chitseko kuti nditulutse mapulasitiki, chinangotseguka pang'ono n'kugunda siponji. Poyeza paja ndinali m'kati, chitseko chili chotseka, ndipo ndinaiwala kuti chimatsegukira m'kati. Ndinapempha eni nyumba kuti kalipentala achitembenuze. Anakana. Anati chitseko chotsegukira kunja mahinji ake amakhala kunja, ndipo mbala zimangowamasula n'kuchinyamula chonse. Sananame. Ndinakhoma msomali kukhoma, n'kumaimika matiresiwo m'mawa ndi chingwe, koma ndekha ankandipindikira n'kundigwera kumutu.

Amayi aang'ono anabwera Lamlungu potuluka kutchalitchi. Ndikanatha kuimika matiresi kuti chipinda chioneke chachikulu, koma iwo ankabwera kudzaona pogona. Ndinawagoneka, n'kuyalapo nsalu yoyera. Amayi aang'ono ndi munthu wathupi. Analowa cham'mbali, chikwama chili m'mwamba, mpango wa kumutu utakodwa pa loko. Anakhala pamatiresi n'kuwasindikiza ndi chikhato. Maso awo ankayenda m'chipinda monse kufunafuna chifukwa.

"Chitseko ichi?"

"Tikaimika matiresi chiseguka bwino."

"Mvula ikabwela?"

"Tizaika pa mabuloko. Tizankala babili ponyamula."

Kenako anafunsa funso limene anabwera nalo kuchokera ku Matero.

"Nanga pa kantemba pazankala ndani?"

"Bana banu, amayi."

Ndinkayembekezera kuti akalipa. Sanatero. Anangoyang'ana mapazi awo otupa, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinaona kuti ndi munthu wotopa, amene anapatsidwa ana awiri pamaliro popanda womufunsa ngati angathe. Ndinawamvetsa, koma mtima wanga sunafewe.

"Asilize temu, ndiye tizakamba," anatero.

"Na ine munakamba so. Ija temu sininasilize."

Anaimirira movutikira, n'kutuluka cham'mbali monga analowera, osatsanzika.

Loweruka lotsatira mng'ono wanga anafika masana, zovala zili m'thumba la pulasitiki, mabuku ali m'manja. Anati amayi aang'ono anangomuuza kuti, pita kwa mkulu wako, wagula bedi ya bazungu. Mpaka lero tikakumana pamaliro amayi aang'onowo amandiyankha moni ndi mutu wokha.

Mng'ono wangayo amagona moipa, miyendo uku manja uko, ndipo thirikota yonse imakhala yake. Sukulu yake ili kutali tsopano, amanyamuka m'mamawa. Saluni yathu imachedwa kutsegula, koma inenso ndimayenera kudzuka, chifukwa sangatuluke ndi chikwama chake ine ndili chigonere. Ndimadzuka ndikutukwana, tigwire matiresi wina uku wina uku, timange chingwe, iye azipita. Chibwerereni sanajombepo.