Kholingo la Che Jafar

Che Jafar anafika ku Bindura wapansi kuchokera ku Mangochi ali mnyamata, ndipo zaka makumi atatu anazithera pansi pa mgodi. Anali kapitawo wa gulu lophulitsa miyala. Akayatsa chingwe cha bomba, iwo ndiwo ankakuwa mochenjeza kuti "Basopa!", aliyense n'kutaya fosholo, liwiro la mtondo wadooka. Mawu anali nawo bambo amenewa. Tinkawaseka kuti akanong'oneza akazi awo kukomboni, a kutali ku Shamva amavomera.

Ine Obadiya ndinkathandiza dokotala pachipatala cha mgodi, ndipo nyumba zathu zinayang'anizana. Choncho mu 1978 ndinali woyamba kumva kuti mawu aja asasa. Mwezi woyamba anati ndi chimfine, wachitatu anati ndi fumbi. Uchi anamwa, mandimu anamwa, koma ayi ndithu.

Anali ndi chifukwa chobisira. Munthu wopezeka wosayenera ntchito ankalandidwa nyumba n'kupatsidwa tikiti yakwawo. Kwawo kuti? Ana awo onse anabadwira kuno, Chishona chili pakamwa, ndipo ku Mangochi ngakhale manda a mayi awo sakanawaloza.

Mzungu woyang'anira shifiti atawatopera, anawatumiza kwa ife. Chifukwa cha nkhondo, dokotala wa zapakhosi ankabwera kamodzi pamwezi, pamdipiti wa magalimoto operekezedwa ndi asilikali, ndipo ankayang'ana wotchi kuposa odwala. Tsikulo linagwera m'mwezi wa Ramazani.

Dokotala atatenga mankhwala opopera kukhosi kuti kuchite dzanzi, Che Jafar anatseka pakamwa.

"Mwanangu, auze kuti ndasala. Dontho lisatsike."

"Bambo, popanda mankhwalawa mudzafuna kusanza. Sadzaona kanthu."

"Auze."

Ndinakwiya, ndisaname. Munthu nyumba ili pangozi, iye n'kumalimbana ndi dontho! Koma ndinawagwira mutu. Dokotala anawotha kagalasi ka pakamtengo palawi la nyale, anakayesa padzanja lake, anakulunga lilime lawo ndi kansalu n'kulikoka. Kagalasi katangofika kumapeto kwa m'kamwa, thupi lonse linagwedezeka, misozi mbwee. Kachiwiri chimodzimodzi. Panja galimoto inaliza hutala.

"Komaliza," anatero dokotala. "Anene kuti iii."

Che Jafar anagwira mpando mpaka misempha kuoneka. Chimene chinatuluka sichinali mawu, unali mpweya ngati wa tayala lobooka. Koma anapirira, dokotala n'kuona.

Anandiuza kuti mwa timinofu tiwiri tam'kholingo totulutsa mawu, kakumanzere sikakuyenda, ndipo Che Jafar akufunika kukajambulidwa pachifuwa ku Salisbury mwezi wamawa. Kenako anatenga chikalata cha ntchito. Chinkafunsa za maso, makutu ndi kupuma, za mawu panalibe. Anasaina kuti ndi oyenera kubwerera pansi, anawapatsa chikalatacho, n'kunyamula chikwama chake.

Mtima wanga unakhala pansi ndi chimwemwe. "Bambo, mwapulumuka. Nyumba ndi yanu."

Che Jafar anadzuka pampando. Anaima pakhomo, chikalata chili m'manja. Akazi awo, mayi Asima, anali atakhala kumapeto kwa khonde, atatifulatira, akuyang'ana asilikali pachipata. Sipanali patali, mwina mapazi khumi ndi asanu. Kunalibe phokoso la makina, kunalibe chibowolo chogogoda mwala ngati pansi paja.

Che Jafar anakoka mpweya, anatukula chifuwa monga ankachitira zaka zonsezo, nakuwa ndi mphamvu zawo zonse.

"Basopa!"

Mayi Asima sanacheuke. Anangokonza mpango wawo.

Ndinawagwira mkono. "Bambo, palibe wamva. Tiyeni kunyumba."

"Ndicho chimenecho, mwanangu," ananong'ona. "Palibe wamva. Pansi paja ndili ndi anthu khumi ndi awiri."

Dokotala anali atafika kale pamasitepe. Che Jafar anamutsatira, namubwezera chikalata ndi manja awiri, n'kundiyang'ana kuti ndimasulire. Ndinamasulira kuti pansi sabwererakonso, poti mawu ochenjezera anzawo alibe.

Nyumba ija anatulukamo patatha milungu itatu. Pokwera lole anandiuza mawu ena, koma injini inali italira kale, ndipo sindinawamve.